Musanatumize Mau a Mnzanu pa Foni

Abale anga a m'migodi, ndi inu azibambo amene munabwerera kumudzi, ndifuna ticezeko za khalidwe lotenga mau amene wina walemba pa Facebook kapena pa WhatsApp ndi kuwapatsira anthu ena. Ine ndine kalaliki, kapena mabalani monga mumatichulira pa mgodi. Sukulu yanga ndi ya pulaimale ya ku mishoni basi, koma nchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yonyamula mau a eni ace, kotero ndaona zina zimene zingatithandize tonse.

Masiku a Wenela munthu wosadziwa kulemba ankapita kwa mabalani kuti amlembere kalata ya kumudzi, ndipo cidziwitso ca akuru a mgodi cinkafika ku komboni kupyolera pakamwa pa mabalani yemweyo. Akapotoza mau, onse ankadziwa khomo lace. Lero ali yense wa foni wasanduka mabalani, koma ambiri amaiwala kuti dzina lao limapita pamodzi ndi uthengawo. Amai anu ku Dedza kapena ku Mzimba sadziwa amene anayamba kulemba. Iwo amangoti, "Watumiza ndi mwana wanga wa ku Joni, ndiye kuti nzoona." Ngati muli kapitao, kapena woimira anzanu m'bungwe la anchito, kapena kalaliki ngati ine, kutumiza kwanu kumalemera ngati cidindo ca ku ofesi.

Tiyeni titenge nkhani imene imayendayenda kwambiri m'magulu athu, ya ndarama za odwala cifuwa ca pfumbi la miyala, cimene madokotala amati silicosis, ndi cifuwa cacikuru. Nkhani iyi ndi yoona. M'caka ca 2018 makampani 6 a golidi, ndiwo African Rainbow Minerals, Anglo American South Africa, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater, anabvomera kupereka ndarama zokwana R5 biliyoni, ndipo Bwalo Lalikuru la milandu ku Johannesburg linabvomereza panganolo mu July 2019. Bungwe limene limalandira madandaulo ndi kulipira dzina lace ndi Tshiamiso Trust.

Tsono taonani kusiyana kwa anyamata awiri. Woyamba waona cidziwitso ca bungweli m'Cingelezi, wangodina, capita ku gulu la kumudzi popanda liu lace ngakhale limodzi. Mdala amene anagwira nchito ku mgodi wa malasha wamva kuti "ndarama za Wenela zaturuka", wagulitsa mbuzi, wakwera basi kupita ku tauni, wabwerako cimanjamanja. Akuru anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Waciwiri wayamba wawerenga mpaka pansi, kenaka walemba pamwamba m'cinenero cathu kuti: ici cacokera ku Tshiamiso Trust, cikukhudza amene anagwira nchito ya pfumbi m'migodi ya golidi ya makampani awa okha, pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, munthu amayamba wapimidwa m'cifuwa, ndipo si onse amene amalandira, kulembetsa nkwaulere, wokuuzani kuti mumlipire kuti akufulumizireni ndi wakuba. Mizere yowerengeka cabe, koma yapulumutsa mbuzi ya mdala.

Ine ndimaonjezapo cina. Azibambo athu ambiri anali kuno mpaka 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu a ku Malawi. Ena anabweranso kuyambira 1977 mpaka 1988. Zaka zimenezi ziri m'kati mwa malire aja. Cotero potumiza ndimawauza kuti afunefune m'sutukesi nambala yao ya pa mgodi ndi mapepala ali onse a nthawi imeneyo, ngakhale atadyedwa ndi ciswe m'mbali, ndipo kuti amai amasiye asataye mapepala a malemu. Mau awa mwini cidziwitso sanalembe, cifukwa sadziwa sutukesi za kwathu. Ndimo mmene wotumiza amaoneka kuti ali ndi nchito.

Musaiwalenso kuchula mwini mau. Mnzathu woyang'anira za ngozi akalemba bwino za gawo 23 la lamulo la Mine Health and Safety Act la 1996, limene limalola wanchito kucoka pa malo amene waona kuti ndi oopsa, musadule dzina lace ndi kuika mauwo ngati anu. Kuteroko nkudya nsima ya mnzanu iye akusamba m'manja. Komanso wofuna kufunsa zambiri ayenera kudziwa kopita. Mukatsutsana naye, tumizanibe, koma nenani poyera pamene mwasiyana, mwaulemu, pokumbukira kuti mawa mudzakwera naye keji imodzi.

Eni ace a WhatsApp anaona bvuto lomweli. M'caka ca 2018 anaika cizindikiro ca kamubvi pa uthenga wocokera kwa wina, mu 2019 anacepetsa kutumiza kufika pa malo 5 nthawi imodzi, ndipo mu 2020 uthenga umene wayenda kwambiri, wa timibvi tiwiri, anaulola kupita ku malo amodzi okha pa nthawi imodzi. Ine ndikaona timibvi tiwiri ndimayamba ndafunsa kumene wacokera. Nthawi zambiri amakhala wa nchito zonama, woti mgodi wakuti ukulemba anthu, tumizani ndarama pa nambala iyi. Mgodi sugulitsa nchito pa foni, abale. Uthenga wotere ndimaufafaniza, ndi kumuuza paseri amene wandipatsa, osati kumcititsa manyazi pa gulu.

Cimene cimandiwawa koposa ndi zithunzi za ngozi. Miyala ikagwa pansi, anthu asanaturutsidwe nkomwe, zithunzi ndi maina zayamba kale kuuluka m'mafoni. Mkazi wa munthu akumva imfa ya mwamuna wace ali pa cigayo, kucokera kwa mwana wa mnansi amene waona pa Facebook. Ndipo nthawi zina dzinalo limakhala lolakwika, maliro nkuliridwa a munthu wamoyo. Kwathu uthenga wa maliro uli ndi mwambo wace, umapita kwa mwini mbumba ndi kwa amfumu, ndipo amaunena ndi anthu akuruakuru atakhala pansi. Foni sinacotse mwambo umenewu. Tsiku la ngozi ine ndimatumiza uthenga umodzi wokha, wopita kwathu, wakuti ndiri bwino asade nkhawa. Za maina a obvulala ndimadikira mpaka a ku ofesi atauza abale ao, ndipo wondifunsa pa gulu ndimamyankha comweco.