Chothamanga, chachitali ndi chokhalitsa mumlengalenga

Tiyambe ndi liwiro, poti ndilo anthu amafunsa msanga. Pa zonse zimene munthu wapanga ndi manja ake, palibe chothamanga kuposa Parker Solar Probe, chombo chimene bungwe la NASA linatumiza mu 2018 kukafufuza dzuwa. Pa 24 Disembala 2024 chinalambalala dzuwalo pa mtunda wa makilomita 6.1 miliyoni, chikuthamanga makilomita 692,000 pa ola. Pa liwiro lotere, ulendo wa Lilongwe kukafika Blantyre sungakwane masekondi awiri. Komatu si mphamvu ya injini: ndi dzuwa lomwe limachikoka. Chimene chimachitchinga kuti chisapse ndi chishango cha kaboni chochindikala masentimita 11 okha, ngati kutambalala kwa chikhatho.

Pa msinkhu, Saturn V, roketi yomwe inanyamula anthu opita kumwezi, inalamulira kwa zaka zoposa 50 ndi mamita ake 111. Inadzagonja kwa Starship ya kampani ya SpaceX, yotalika mamita oposa 120, yokhala ndi injini 33 kumunsi kwake. Ulendo wake woyamba, mu Epulo 2023, unathera m'malawi patangodutsa mphindi zinayi. Koma pa 13 Okutobala 2024 chigawo chake cham'munsi chinabwerera ku Texas n'kuwakhidwa ndi mikono iwiri yachitsulo ya nsanja yomwe chinanyamukira. Ngakhale zili choncho, ine ulemu wanga ukadali kwa Saturn V: inauluka maulendo 13, ndipo palibe munthu anaferapo.

Ena mbiri anaipeza osaifuna. Jim Lovell, Jack Swigert ndi Fred Haise a Apollo 13 anafika makilomita 400,171 kuchokera padziko mu Epulo 1970, thanki ya mpweya itawaphulikira, akuzungulira kuseri kwa mwezi kufuna njira yobwerera kwawo. Zaka zoposa 50 zinadutsa popanda wina kupondako.

Wokhalitsa pa ulendo umodzi ndi dokotala wa ku Russia, Valeri Polyakov, yemwe anatha masiku 437 m'chombo cha Mir, kuyambira Januwale 1994 mpaka Malichi 1995. Kumwambako mafupa amafooka, minofu imalobodoka, mwakuti ambiri akatera amachita kunyamulidwa. Iye anakana. Anatuluka n'kuyenda yekha mapazi angapo kukakhala pampando, pofuna kuonetsa kuti munthu angathe kufika ku Mars n'kuimirira. Tikaphatikiza maulendo onse, Oleg Kononenko ndiye ali patsogolo ndi masiku 1,111.

Koma mfumu ya zonsezi, kwa ine, ndi nkhalamba Voyager 1. Chombochi chinanyamuka ku Cape Canaveral pa 5 Sepitembala 1977 kukaona Jupiter ndi Saturn, ndipo ntchitoyo itatha chinangopitirira. Lero chili pa mtunda woposa makilomita 24 biliyoni, kutali kuposa china chilichonse chopangidwa ndi munthu. Uthenga wa wailesi, womwe umayenda pa liwiro la kuwala, umatenga pafupifupi tsiku lathunthu kuti uchipeze. Kufunsa lero m'mawa, yankho mkuja. Wailesi yake ndi ya mawati 23, ngati kababu ka m'chipinda.

Mu Novembala 2023 chinayamba kutumiza zosamveka, ngati wodwala malungo akubwebweta. Akatswiri anapeza kuti kachipangizo kamodzi kosunga malangizo m'kompyuta yake kafa. Poti kulibe makaniko angapiteko ndi sipanala, anagawa malangizowo n'kuwasunga m'malo ena, ndipo mu Epulo 2024 chinayambanso kulankhula zanzeru. Magetsi ake, ochokera ku plutonium, akuchepa chaka ndi chaka, choncho akuzimitsa zipangizo chimodzichimodzi. Makamera anazimitsidwa kalekale, mu 1990.

Pambali pake anamangirirapo mbale yokutidwa ndi golide, yokhala ndi nyimbo, zithunzi ndi malonje m'zilankhulo 55. Chimodzi mwa izo ndi Chinyanja, ndipo mawu ake akufunsa anthu a kumwambako kuti ali bwanji. Choncho wina akadzakufunsani kuti chilankhulo chanu chinafika pati, muuzeni kuti chinadutsa Saturn mu Novembala 1980, ndipo chikupitabe makilomita 17 pa sekondi iliyonse.