Makadi a tarot: zoyenera kudziwa musanagule paketi yoyamba

HARARE - Kuombeza si chinthu chachilendo kwa anthu a ku Glen View ndi madera ena a mzinda wa Harare. Asing'anga a Chishona amagwiritsa ntchito hakata, timitengo tinayi tosema totchedwa chitokwadzima, kwami, chirume ndi nhokwara. Akatiponya, timagwa m'njira 16 zosiyana, ndipo njira iliyonse ili ndi tanthauzo lake.

Makadi a tarot anachokera kutali. Anayambira kumpoto kwa Italy m'zaka za m'ma 1400 ngati masewera chabe, ndipo anthu anayamba kuombezera nawo ku France chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Paketi imodzi imakhala ndi makadi 78: akuluakulu 22 ndi ang'onoang'ono 56.

Kwa munthu amene akungoyamba kumene, yosavuta ndi paketi ya Rider-Waite-Smith, yomwe inatuluka ku London mu 1909. Mayi Pamela Colman Smith anajambula chithunzi chathunthu pa khadi lililonse, motero tanthauzo silivuta kukumbukira. Paketi ya Marseille imavutirapo chifukwa makadi ake 40 a manambala amangoonetsa malupanga, ndodo, zikho ndi makobidi.

Wogula awerenge makadiwo asanalipire, popeza makadi ena otchedwa oracle alibe chiwerengero chokhazikika. Aonetsetsenso kuti kabuku kofotokoza matanthauzo kalimo.

Komabe palibe umboni wasayansi woti makadiwa amalosera zam'tsogolo. Wodwala athamangire kuchipatala, asataye nthawi ndi ndalama poyembekezera yankho la makadi.