Masiku 5 pa ground, kulibe wawina: nanga ba mudala akondwela chani?

Mwalowa mu bar pa Sondo masana kuti mutambeko bola, koma remote ili na ba mudala ena pa kona, botolo imodzi kuchokela 10 hours. Pa TV pali anyamata ovala voyela monga ma nurse. Wina aponya ka bola kofiila, mnzake akaletsa chabe na thabwa, kagwela pa mapazi pake. Kulibe athamanga, kulibe akuwa. Mufunsa kuti game izasila nthawi bwanji, ati mailo madzulo. Nanga atsogola ndani? Ati iyenda ku draw. Ndipo akamba ivi akumwetulila monga munthu wamene ticket yake yalowa.

Mukalibe kuwalanda remote, mvelani vamene aona pa TV paja vamene imwe simuona.

Iyi ni Test cricket, cricket yakale kupambana zonse. Game yoyamba inachitika ku Melbourne mu 1877. Imatenga masiku 5, tsiku lililonse ma over 90, ndipo over imodzi ni ma bola 6. Timu iliyonse ili na mwayi wochaya kawili. Manje apa ndiye pamene ise a bola timasokonezeka. Kukhala na ma run ambili sikukwana. Timu yamene ichaya pothela, ngati siinafike pa ma run ofunika, mufunika kuichotsa yonse, ma wicket 10, nthawi ikalibe kusila. Akatsala m'modzi chabe woti mumuchotse, umpire n'kukamba kuti nthawi yakwana, ni draw. Olo muwasiye na ma run 300, ni draw. Si 1-1 ya bola iyi. Kulingana ma run ndendende onse atachoka amakuti tie, ndipo vinachitikapo kawili chabe: ku Brisbane mu 1960 na ku Madras mu 1986.

So draw ni chinthu chamene timu yopanikizika imamenyela. Iziwa kuti kuwina kulibe, koma ikana kufa.

Tiyeni ku Adelaide, Novemba 2012. Australia inaikila South Africa ma run 430 kuti iwine. Pofika madzulo a tsiku la 4, anzathu a ku Joni anali na 77 chabe, ma wicket 4 atagwa kale, Graeme Smith na Hashim Amla ali m'gulu la ochoka. Kutsogolo kunali tsiku lathunthu. Pa ground panatsala AB de Villiers na mnyamata wamene anali kuchaya Test yake yoyamba, Faf du Plessis.

De Villiers mumuziwa, ni uja anali kuponya bola pamwamba pa anthu mu T20 monga alibe chifundo. Pa game iyi anakumana na ma bola 220 n'kupeza ma run 33, osafikitsa olo bola imodzi ku boundary. Munthu wa njala kukhala patsogolo pa nsima maola ambili osatemako, ndiye vamene anachita. Atachoka, kunalowa Jacques Kallis na mwendo wovulala, kuthamanga kumuvuta, koma anakumana na ma bola opitilila 100. Ku Australia nako vinthu sivinali bwino: James Pattinson anali atavulala, so nchito inamuchulukila Peter Siddle, wamene anaponya mpaka kuimilila kunayamba kumuvuta. Madzulo ma wicket anayamba kugwa. Anafika 8. Anatsala awili chabe kuti game ithe, koma nthawi ndiye inayamba kusila. Du Plessis anatuluka na 110, osachotsedwa, atakumana na ma bola 376 kwa maola pafupifupi 8.

Maola 8 ni shift yathunthu ya pa nchito. Manje ganizani shift yamene bola yolimba ikubwelelani pa liwilo la makilomita 140 pa ola, anthu akuzungulilani pafupi akukambilani vokhumudwitsa, ndipo mukalakwitsa kamodzi chabe, kulibe warning letter, ni kunyumba.

Patapita masiku ochepa anakumananso ku Perth. Siddle sanachaye, anali atalema maningi. South Africa inawina na ma run 309, n'kutenga series 1-0. Sembe Du Plessis anagonja ku Adelaide, nkhani yonse sembe inasintha.

Kuno ku Zambia Test sitichaya, ni maiko 12 chabe ololedwa, olo kuti Henry Olonga, wakuda woyamba kuchayila Zimbabwe mu Test, anabadwila mu Lusaka muno. Koma draw ina yodabwitsa inachitika pafupi pano, ku Bulawayo mu Disemba 1996. England inali kufuna ma run 205. Pa bola yothela inafunika 3. Nick Knight anathamanga 2, pofuna yachitatu anamuchotsa. Ma run analingana, koma chifukwa England inali ikali na anthu osachaya, inalembedwa draw. A ku Zimbabwe anakondwela, a ku England anakwiya monga awabela.

Manje tisanamizane. Ali na mfundo amene amakuti draw ni kutaya nthawi, chifukwa ma draw ena ni ogonetsa tulo zoona. Ku Colombo mu 1997, India inapeza 537, Sri Lanka n'kuyankha na 952, yamene ikali record mpaka lelo. Sanath Jayasuriya yekha anapeza 340. Pitch inali monga msewu wa tala watsopano, bola siikhota, siilumpha, oponya angovutika chabe. Aliyense anaziwa kuti ni draw masiku akalibe kusila. Ya so ine siningaikhalile kumbuyo. Ndiye kuli mvula. Ku Old Trafford mu 2023, England inali itapanikiza Australia, mvula n'kugwa tsiku lonse lothela, kulibe bola inaponyedwa. Draw, ndipo Australia inasunga Ashes anyamata ake atakhala chabe m'chipinda kutamba mvula pa windo. Imwe amene mumachoka ku nchito 18 hours, kufika ku nyumba malaiti kulibe, muli na ufulu wofunsa chifukwa chake mungapatse masiku 5 ku chinthu chamene chingasile so, pamene T20 imasila mu maola 3 na wowina oziwika.

Ena amakuti angochotsa nthawi, achaye mpaka wina awine. Anayesa kale. Ku Durban mu Malichi 1939, South Africa na England anachaya game yopanda malile a masiku. Pa tsiku la 10, England inali pa 654, ifuna 696, patsala 42 chabe. Mvula inagwa, ndipo anyamata a England anafunika kukwela sitima kupita ku Cape Town kuti chombo chobwelela kwao chisawasiye. Game yamene anaikonza kuti isakhale draw inasila draw.

Ine maganizo anga ni akuti pa ma draw oipa, olakwa ni pitch na mitambo. Lamulo lilibe mlandu. Lichotseni muone vamene vizasowa. Captain wamene atsogola amakhala na mutu ukuwawa: apitilize kuchaya kuti ma run achuluke, kapena aleke manje, chamene amakuti declaration, kuti oponya ake akhale na nthawi yochotsa anthu 10? Akachedwa, nthawi imudyela. Akafulumila, angapatse adani mwayi wowina. Mutu umawawa chifukwa draw ili apo ilindila. Popanda iyo, Test ingakhale chabe game ya tsiku limodzi yotalikitsidwa. Komanso timu yofooka, yamene yapigwa kuyambila tsiku loyamba, ingakhale ilibe chomenyela. Olo pa ma point a World Test Championship, kuwina ni 12, draw ni 4, kuluza ni zero, ndiye kulibe captain angakonde draw ngati kuwina kulipo.

Mkangano watsopano unabuka mu Julayi 2025, ku Old Trafford komweko. India inali kumbuyo na ma run 311, n'kuluza ma wicket 2 mu over yoyamba ikalibe olo run imodzi. Shubman Gill na KL Rahul anaimitsa vinthu, pambuyo pake Ravindra Jadeja na Washington Sundar anakanilila tsiku lothela. Ola limodzi litatsala, captain wa England Ben Stokes, wamene amaziwika kuti draw saikonda, anatambasula dzanja kuti agwilane chanza game isile. Malamulo amalola. Koma Jadeja anali pa 89, Sundar pa 80, ndipo anakana. Stokes anakwiya, n'kupatsa bola Harry Brook, wamene si woponya weniweni. Onse awili anafika 100, kwa Sundar inali yoyamba mu Test. Ena anakuti ni dyela. Ine nikuti munthu wamene wapulumutsa timu maola ambili, musiyeni atenge chake. Sabata yotsatila India inawina ku The Oval na ma run 6 chabe, series n'kusila 2-2.

Ngati mufuna kuyesa, simufunika kupempha leave ya masiku 5. Olo ba mudala aja sakhala pa TV masiku onse. Muzionako chabe score pa foni pa lunch na mu basi pobwelela. Mukaona kuti ni tsiku la 5, ma wicket 7 agwa, ma over 20 atsala, ndiye pitani pa kona paja, muwagulileko botolo yachiwili, muwafunse chifukwa chake anthu 6 azungulila munthu m'modzi wa thabwa.