Posamutsa webusaiti, adiresi yakale isafe

Wamalonda akasamutsa benchi mumsika amasiya uthenga kwa anzake oyandikana nawo kuti kasitomala akabwera amulozere komwe wapita. Akapanda kutero, kasitomala amasuzumira uku ndi uku kenako n'kugula kwa wina. Pa intaneti zimachitikanso chimodzimodzi, kungoti mwini malonda saona ndi maso anthu akubwerera.

Ogulitsa masipeya a galimoto, mafoni, zipangizo za sola kapena eni malo ogona alendo omwe ali ndi webusaiti imawakwanira nthawi yofuna kusamuka. Wina amachoka pa Wix kupita pa WordPress pothawa ndalama zolipira mwezi ndi mwezi, wina amachoka pa WordPress kupita pa Shopify pofuna shopu yosavuta kuyendetsa. Webusaiti yatsopano imatuluka yokongola ndithu, koma pakatha masabata angapo foni imasiya kulira. Akafufuza pa Google katundu yemwe kale ankamupeza pamwamba, amapeza mayina a anzake okhaokha.

Gwero la vutoli ndi adiresi. Google imasunga tsamba lililonse pa adiresi yakeyake, ndipo mbiri yomwe tsambalo lapanga kwa zaka, kuphatikizapo malinki ochokera kwa anthu ena, imakhala pa adiresiyo. Nsanja iliyonse ili ndi kalembedwe kake ka maadiresi. Shopu ya WooCommerce pa WordPress nthawi zambiri imaika katundu pansi pa /product/, pomwe Shopify imamuika pansi pa /products/. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi chokha, koma kwa Google awa ndi masamba awiri osiyana. Wodina adiresi yakale amalandiridwa ndi uthenga wa 404, kutanthauza kuti tsambalo palibe, ndipo pakapita nthawi Google imalichotsa pa zotsatira zake.

Mankhwala ake ndi 301 redirect. Ili ndi lamulo louza foni ya kasitomala komanso Google kuti tsamba lasamukiratu, ndipo limamufikitsa munthu pa adiresi yatsopano iye osadziwa n'komwe. Mbiri ya tsamba lakale imatsatira komweko. Shopify ndi Wix zili ndi malo olembapo malamulowa, ndipo pa WordPress pali mapulagini ogwira ntchitoyi.

Ntchito yeniyeni ili pa mndandanda, ndipo iyenera kuchitika webusaiti yakale isanazimitsidwe. Google Search Console, yomwe ndi yaulere, imaonetsa masamba omwe amabweretsa anthu ambiri. Adiresi iliyonse yakale ilembedwe, pambali pake pakhale yatsopano yofanana nayo: tsamba la batire ya sola lipite ku batire ya sola, la invata ku invata. Amisiri ena ofuna kumaliza msanga amangolozetsa zonse ku tsamba loyamba. Umenewu ndi ulesi wodula, chifukwa Google ikhoza kuwatenga masamba oterowo ngati osowa, ndipo kasitomala wofuna batire safuna kuyambiranso kufufuza pa bandulo yake. Google imalangiza kuti malamulowa akhalepo kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo.

Ngati dzina lenileni la webusaiti likusintha, mwachitsanzo kuchoka pa .com kupita pa .mw, mu Search Console muli chida cha Change of Address chodziwitsira Google. Dzina lakalelo lipitirizebe kulipiridwa, poti likafa malamulo onse a 301 amafera limodzi. Apa m'pamene ambiri amatulukira kuti dzinalo linalembetsedwa m'dzina la mnyamata yemwe anawapangira webusaiti, osati lawo. Nkhani imeneyi ithe kusamuka kusanayambe.

Palinso kabokosi kena pa WordPress kouza Google kuti isaonetse webusaiti. Amisiri amakachonga pomanga, ndipo akaiwala kukachotsa pa tsiku lotsegulira, shopu yonse imabisika. Mitu ya masamba ndi mawu ofotokoza katundu zisamuke momwe zilili. Kuzilembanso kudikire zinthu zikhazikike. Sitemap yatsopano itumizidwe ku Search Console, ndipo malinki a pa Facebook, WhatsApp Business ndi Google Business Profile asinthidwe.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, malo a webusaiti pa Google amatha kukwera ndi kutsika kwa masabata angapo. N'chifukwa chake wogulitsa mayunifolomu asasamuke sukulu zili pafupi kutsegulira, ndipo wa zovala apewe Disembala.

Pa malipiro, wamalonda agwirizane ndi mmisiri kuti gawo lomaliza lidzaperekedwa akayesa limodzi. Atenge maadiresi akale khumi a katundu yemwe amayenda kwambiri, awatsegule limodzilimodzi pa foni yake. Iliyonse ikamufikitsa pa katundu woyenera, ndalama yotsalayo ituluke.