Mbande Zogula Kapena Nazale ya Pakhomo: Nkhani ya ku Arcturus

Arcturus ndi kamzinda ka migodi ya golide kum'mawa kwa Harare, m'boma la Goromonzi. M'makomboni ake muli zidzukulu zambiri za anthu amene anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Mafamu atayamba kugawidwa m'chaka cha 2000 ntchito zinasowa, ndipo mabanja ena anatembenukira ku timadimba ta ndiwo zamasamba. Funso limene alangizi amakumana nalo nlakuti: kodi mlimi agule mbande kapena afese yekha?

Yankho lagona pa mtengo wa njere. Repu ndi matimati a mtundu wa Rodade ali ndi njere zotsika mtengo. Ngakhale zina zifere pa nazale, mlimi sataya zambiri. Kovo wa mtundu wa rugare sasowa ngakhale nazale, chifukwa amabzalidwa ndi mphukira zake.

Matimati ndi kabichi za haibulidi nzosiyana. Njere iliyonse ndi ndalama, ndipo pa nazale ya pansi mbande zimaola tsinde, zimapsa ndi chisanu cha mu June ndi July, kapena kuduka mizu pozula. Mbande za m'mathireyi zimakula m'makungwa a paini owoleretsa, imodzi m'kabowo kake, ndipo zikakwana masabata 4 mpaka 6 zimawokedwa ndi mizu yathunthu. Alimi a fodya amazidziwa kale: mathireyi anafala pamene mankhwala ophera tizilombo m'nthaka a methyl bromide ankachotsedwa pansi pa pangano la Montreal, limene linapatsa maiko osauka malire a chaka cha 2015.

Choopsa chili pakati pa njira ziwirizi: mbande zozula zogulitsidwa m'mitolo m'mbali mwa msewu. Nzotchipa, koma mlimi sadziwa mtundu wake, ndipo mizu yake ikhoza kubweretsa tinyongolotsi totupitsa mizu m'dimba limene linali laukhondo. Tikalowa, timakhala m'nthakamo zaka. Mbozi ya Tuta absoluta, imene inapezeka ku Zambia ndi South Africa m'chaka cha 2016, nayonso imayenda pa masamba a mbande.

Nchifukwa chake mlangizi, kaya ali ku Goromonzi, Chipata kapena Angonia, aphunzitse alimi kuzula mbande imodzi nkuyang'ana mizu asanalipire. Wofesa yekha asinthe malo a nazale chaka chilichonse, ndipo apewe pamene panali matimati kapena fodya.