Kugulitsa Makobidi Akale: Onse Pamodzi Kapena Limodzilimodzi?

Chidule cha khutuba ya Lachisanu, Malosa

Tikumuthokoza Allah, Mwini chuma chonse, ndipo tikupempha kuti madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, m'makomo ambiri kuno ku Malosa, ku Domasi mpaka kunyanja ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, muli tizitini ndi timipango momwe makolo athu adasungamo makobidi akale. Mwini wake akamwalira, makobidiwo amalowa m'gulu la chuma chamasiye. Ndiye pakabwera munthu wofuna kugula, banja limafunsa kuti: kodi tigulitse onse pamodzi pa mtengo umodzi, kapena tigulitse limodzilimodzi? Funsoli likuoneka laling'ono, koma mkati mwake muli gawo la mkazi wamasiye, gawo la ana amasiye, komanso malire a halali ndi haramu.

Tiyambe tadziwa chimene tili nacho. M'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira chaka cha 1955, kudali makobidi obowola pakati amene akuluakulu akuwakumbukira. Dziko lathu litalandira ufulu m'chaka cha 1964, padatuluka makobidi anayi okhala ndi nkhope ya Dr Kamuzu Banda: la sikisi lokhala ndi tambala, la sheleni lokhala ndi chimanga, la masheleni awiri lokhala ndi njovu, ndi la masheleni awiri ndi theka lokhala ndi chizindikiro cha boma. Ena mwa makobidi anayiwa adasulidwa mwapadera, onyezimira, naikidwa m'kabokosi kuti akhale chikumbutso. M'chaka cha 1966 padatulukanso khobidi lalikulu la masheleni asanu lokumbukira tsiku limene Malawi adakhala Republic, pa 6 July. M'chaka cha 1971 padabwera kwacha ndi tambala. Sheleni idasanduka 10 tambala ndipo paundi idasanduka makwacha awiri. Pambuyo pake padasulidwanso makobidi ochepa achikumbutso a siliva ndi golide, monga a mu 1978 okhala ndi nyama zakutchire, omwe sadali oyendera pamsika.

Apa tione bwino. Makobidi a mu 1964 ndi a tambala, ngakhale amaoneka oyera, si asiliva. Ndi osakaniza mkuwa ndi zitsulo zina. Ndipo amene adayenda m'manja mwa anthu nafufutika alipo ochuluka kwambiri, kotero mtengo wake ndi wochepa. Mphekesera zonena kuti khobidi lobowola lingagule nyumba, kapena kuti lili ndi mphamvu zobisika zokokera chuma, ndi bodza, ndipo kukhulupirira mphamvu zoterozo kumaononga Tawhid ya Msilamu. Chimene osonkhanitsa makobidi amalipira ndi zinthu zitatu: kusowa kwa khobidilo, kusafufutika kwake, ndi chitsulo chimene adasulira.

Tsono Shariya ikutiphunzitsanji? M'buku la Sahih Muslim muli nkhani ya swahaba Fadala ibn Ubayd (Allah asangalale naye). Pa nthawi ya Khaybar, m'chaka cha 7 cha Hijra, iye adagula mkanda wa golide wosakaniza ndi miyala yokongola pa madinari 12. Ataumasula adapeza kuti golide yekha wa mumkandamo adaposa madinari 12 amene adapereka. Nkhaniyi itafika kwa Mtumiki (SAW), adalamula kuti mkanda wotere usagulitsidwe kufikira utalekanitsidwa. Chifukwa chenicheni cha lamuloli ndi chakuti dinari idali ya golide, ndipo golide posinthana ndi golide ayenera kufanana kulemera. Kupanda kutero ndi riba. Koma m'nkhaniyi mulinso phunziro lotikwanira tonse: wogulitsa uja adaluza chifukwa adagulitsa mulu umene sadaudziwe mkati mwake. Choncho ntchito yoyamba ndi kukhuthula chitinicho pamphasa, kusankha, kuwerenga ndi kulemba. Kugulitsa kubwere pambuyo.

Mukasankha, makobidi anu adzagwa m'magulu atatu, ndipo gulu lililonse lili ndi lamulo lake. Gulu loyamba ndi makobidi a zitsulo wamba omwe adasiya kugwira ntchito, monga a Chitaganya ndi a masheleni. Awa tsopano ndi katundu ngati katundu wina aliyense, ndipo nkololedwa kuwagulitsa pa mtengo uliwonse umene mwagwirizana. Gulu lachiwiri ndi a golide ndi siliva. Awa mukagulitsa ndi makwacha, mtengo mungagwirizane mmene mungafunire, koma kupatsana kuchitike pomwepo, dzanja ndi dzanja, musanasiyane. Ngongole apa siiloledwa. Ma ulama ambiri a masiku ano amati ndalama yolowa pafoni nthawi yomweyo ili ngati yolandira m'manja. Gulu lachitatu ndi makobidi amene akugwirabe ntchito pamsika. Kugulitsa kwacha ndi makwacha ochulukirapo ma ulama ambiri amakuletsa, pakuti ndi ndalama ya mtundu umodzi. Ndiye taonani: mukathira magulu atatuwa m'thumba limodzi nkutchula mtengo umodzi, mwasakaniza malamulo atatu, ndipo nkosavuta kugwa m'haramu musakudziwa.

Nanga ndi liti pamene kugulitsa pamodzi kuli kwabwino? Ndi pamene makobidiwo adatuluka ngati banja limodzi, monga anayi a mu 1964 ali m'kabokosi kawo, kapena pamene muli ndi onse a chaka chimodzi osasowapo. Wosonkhanitsa amalipirako chifukwa mwamupulumutsa ku ntchito yofunafuna, ndipo kabokosi ndi kapepala kake ndi umboni woti ndi enieni. Mukachotsapo limodzi, otsalawo amatsika mtengo, monga momwe khoka lodulidwa pakati silikhalanso khoka. Kugulitsa pamodzi kumathanso msanga, ndipo simuononga ndalama paulendo wobwerezabwereza wa ku Zomba kapena ku Blantyre.

Kugulitsa limodzilimodzi kumathandiza pamene chitinicho chili chosakanizika, ndipo muli limodzi kapena awiri osowa kapena asiliva pakati pa ambiri wamba. Anthu a kunyanja mukudziwa: palibe msodzi amene amataya chambo m'chidebe cha usipa nkugulitsa pa mtengo wa usipa. Chambo amachipatula. Koma dziwaninso kuipa kwake: ogula amatola abwino okhaokha nkukusiyirani osagulika, ndipo zimatenga nthawi. Njira yapakati ndiyo yanzeru: apaderawo muwapatule, a banja limodzi muwasiye pamodzi, otsala wamba muwagulitse pamulu. Ndipo musawakweche ndi mchenga, phulusa kapena mandimu kuti awale, pakuti kukwecha kumafufuta zolemba ndipo odziwa amatsitsa mtengo akangoona.

Kugulitsa pamulu Shariya siidaletse, malinga ngati onse awiri akuona katunduyo ndipo palibe chobisika. Chimene idaletsa ndi chinyengo. Mtumiki (SAW) adadutsa pa mulu wa chakudya pamsika, napisa dzanja mkati, napeza kuti pansi pake ndi ponyowa, ndipo adamudzudzula mwini wake chifukwa chosaika chonyowacho pamwamba kuti anthu aone. Chomwechonso, amene aika makobidi okongola pamwamba nabisa ofufutika ndi achinyengo pansi, kapena kunena kuti ndi siliva pamene akudziwa kuti si siliva, wadya haramu.

Wogula nayenso ali ndi malire. Mtumiki (SAW) adaletsa kukachingamira amalonda panjira asanafike pamsika nkuwagula katundu asanadziwe mtengo wake. Iwe amene umayenda m'midzi nkupeza gogo wosadziwa kuwerenga, numupatsa ya sopo pa chitini chonse pamene waona khobidi lasiliva mkatimo, opa Allah. Kuvomera kwa munthu wosadziwa sikuyeretsa phindu lako.

Pomaliza, nkhani ya chuma chamasiye. Makobidi a malemu si a mwana wamkulu, si a amalume, ndipo si a amene adali ndi kiyi wa sutikesi. Ndi a alowam'malo onse monga mwa magawo amene Qur'an yolemekezeka idaika m'Surat an-Nisa, pambuyo pobweza ngongole ndi kukwaniritsa wasiya. Kugawana makobidi powerenga, uyu atatu uyu atatu, sikuli chilungamo, chifukwa limodzi likhoza kuposa ena onse pamodzi. Ngati kugawa kungaononge mtengo wa amene ali banja limodzi, gulitsani pamodzi mogwirizana ndipo mugawane ndalamazo. Ngati wina akufuna kusunga monga chikumbutso cha kholo lake, awagule pa mtengo woyenera nkulipira anzake. Pamene pali mwana wamasiye, womuyang'anira alibe ufulu wogulitsa mothamanga; afunse mitengo kwa ogula awiri kapena atatu, pakhale mboni, ndipo zilembedwe. Amene ali ndi a golide kapena siliva akumbukirenso Zakaat: nisabu ya golide ndi magalamu pafupifupi 85, ya siliva pafupifupi 595, ndipo chaka chikatha amapereka gawo limodzi mwa magawo 40.

Choncho abale anga, musanatchule mtengo, khuthulani, sankhani, funsani. Khobidi la tambala ndi laling'ono, koma pa Tsiku la Chiweruzo lidzaikidwa pa sikelo ngati linali la mwana wamasiye. Tikumupempha Allah atipatse rizq la halali, atitalikitse ku riba ndi chinyengo, ndipo awakhululukire makolo athu amene adatisiyira zimenezi. Ameen.