Samalani Kompuresa Yanu Yakale: Yambani ndi Madzi a m'Thanki

Alimi anzanga a kwa Nsabwe, ndi inu nonse okhala m'maesiteti a tiyi muno m'Thyolo, mwezi uno tiyambe tasiya za kudulira ndi za feteleza, tikambe za kompuresa, makina opopa mpweya aja amene amakhala pakona m'shedi ya kalabu, pachigayo, kapena kwa wokonza matayala pa Thekerani. Ambiri timawakumbukira tsiku limene afa: tayala la thirakitala laphwa, masamba ali m'matumba, dzuwa likukwera. Mukudziwa nokha kuti tiyi wothyola m'mawa sadikira munthu. Akachedwa kufika ku fakitale amatentha, nafiira, ndipo pasikelo amakanidwa.

Makompuresa ambiri amene ndimawaona poyendera ndi aakulu msinkhu kuposa eni ake. Ena analembedwa Broomwade, a kampani ya ku High Wycombe ku England imene inayamba mu 1898. Ena ndi a Ingersoll Rand, mtundu wa Type 30, umene unayamba kupangidwa mu 1929. Musawanyoze chifukwa penti inasupuka. Mutu wake ndi wa chitsulo cholemera, amazungulira mosathamanga, ndipo makaniko wodziwa ntchito amaumasula ndi masipanala wamba. Chimene chimapha makina amenewa kawirikawiri si mutu ayi, koma thanki.

Mpweya umene timapumawu uli ndi chinyezi, ndipo kuno kwathu, nthawi ya dzinja ndi masiku a chiperoni mu June ndi July, chinyezicho ndi chochuluka. Geji ikafika pa 8 bar, ndiye kuti makina apanikiza mpweya wa malita 9 m'malo a lita imodzi. Mpweyawo umalowa m'thanki uli wotentha, ndipo ukamazizira sungathe kusunganso chinyezi chonsecho. Chimasanduka madzi, monga amachitira mame pa malata m'mawa, nakhala pansi pa thanki. Pamenepo dzimbiri limayamba kudya chitsulo kuchokera m'kati, kumene diso siliona. Kunja thanki ikhoza kuoneka yosalala, pamene pansi pake patsala chitsulo chopyapyala ngati cha chitini.

Tsiku lina ndinafika pa kalabu ina imene mamembala ake ankadandaula kuti kompuresa yawo ikungoyaka ndi kuzima pafupipafupi. Nditafunsa za kampopi ka pansi pa thanki, mlembi anandiyang'ana modabwa. Sankadziwa n'komwe kuti kalipo. Tinakatsegula ndi pulayazi, ndipo munatuluka madzi ofiira ngati a mu Ruo mvula itagwa, odzaza ndowa. Madziwo ndiwo anali atalanda malo a mpweya. Ine ndinachita mantha, pakuti ana a sukulu ankakhala pambali pa thankiyo podikira kupopetsa mpira.

Tsono lamulo loyamba ndi ili: poweruka tsiku lililonse, zimitsani makina, chepetsani mpweya mpaka geji itsike pafupi ndi 1 bar, ndipo tsegulani kampopiko mpaka madzi aleke kutuluka. Ntchito ya mphindi ziwiri yokha. Madziwo akamatuluka ndi zibenthu za dzimbiri, itanani odziwa kuti ayese thankiyo. Iwo amaidzaza ndi madzi, osati mpweya, naipanikiza kupitirira muyeso wake wa masiku onse, chifukwa thanki ya madzi ikalephera imangodontha, pamene ya mpweya imaphulika.

Apa ndinenetse. Thanki ikabooka ndi dzimbiri, musapite nayo kwa wowotcherera. Ndikudziwa kuti thanki ina ndi yodula, ndipo mnyamata wa pamsika adzakuuzani kuti kabowo n'kakang'ono. Koma kabowo kamene mwakaonako ndi malo amodzi okha amene dzimbiri layamba kutulukira. Mozungulira monse chitsulo chatha kale. Thanki yotere ikang'ambika imagwetsa khoma ndi kupha munthu. Ichotseni, muibooletu bowo lalikulu kuti wina asadzaigwiritsenso ntchito, ndipo mutu ndi mota muzimange pa thanki ina yabwino.

Pamwamba pa thanki pali kavalavu kokhala ndi mphete. Ntchito yake ndi kutaya mpweya ngati switchi yalephera kuzimitsa mota. Kamodzi pa sabata kokani mpheteyo: mpweya utuluke mwamphamvu, ndipo mukaisiya kadzitseke kokha. Kakauma kapena kakamadontha, gulani kena ka muyeso womwewo. Ndaonapo ena atakamanga ndi waya kuti kasamasokose. Amenewo achotsa mlonda pakhomo.

Za oyilo, yang'anani pa kagalasi kapena pa kandodo koyezera musanayatse m'mawa, makina ali pamalo osapendekeka. Thirani oyilo wa kompuresa. Wa galimoto amasiya mwaye pa mavalavu a m'mutu, ndipo wotsala ku thirakitala ndiye musayerekeze. Sinthani pakatha miyezi itatu ngati makina amagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Khuthulani tsiku lomwelo.

Sefa ya mpweya ipukuteni sabata iliyonse, makamaka ngati kompuresa ili pafupi ndi chigayo, pakuti fumbi la ufa likasakanikirana ndi oyilo limakhala phala lodya mapisitoni. Lamba mukamudinikiza ndi chala pakati, alowe sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo chotchinga chake chibwezereni nthawi zonse. Chitenje ndi mkono wa malaya sizichedwa kukodwa. Makina akhale motalikirako ndi khoma kuti mphepo iwazizire. Magetsi a ESCOM akazima, zimitsaninso switchi yanu, muyatse atabwera ndi kukhazikika. Ndipo musalole aliyense kudzipemerera fumbi m'thupi ndi paipi ya mpweya, ngakhale mwa masewera.

Mvetseraninso makina akamazima. Payenera kumveka kamluzu kakafupi, kusonyeza kuti mpweya wa m'mutu watayidwa kuti mota idzayambe mopepuka. Kamluzuko kakapanda kuleka, valavu yoletsa mpweya kubwerera kuchokera m'thanki yatha. Mota ikamangong'ung'udza osazungulira, zimitsani msanga isanapse.

Chotsiriza ndi cha mlembi wa kalabu. Tulutsani mpweya wonse m'thanki, tsekani mipopi, yatsani makina, ndipo werengani pa wotchi mphindi zimene apopa kufikira azima okha. Lembani m'buku, pamodzi ndi tsiku. Bwerezani mwezi uliwonse. Mphindi zija zikayamba kuchuluka, pakani thovu la sopo m'molumikizira mapaipi monse muone pamene pakutuluka mpweya. Mukapanda kupeza, vuto lili m'mavalavu kapena m'maring'i a pisitoni, ndipo ndi nthawi yotuma munthu ku Limbe, atatenga nambala yolembedwa pa kachitsulo ka pamutu wa makina, miyezi yothyola kwambiri isanafike mu December.